Ndowa Imeneyo Mukakhuthulira Kuti?

Mvula ikagwa yambiri ku Dedza, Linthipe amasefukira n'kutsira zikuni, mizu ndi zitsa m'nyanja, ndipo mafunde amadzazitula pamchenga wa ku Senga Bay. Zina n'zokongoladi, zopindikapindika, zosalala bwino. Ngati muli ndi thanki yagalasi yowetera nsomba pakhomo kapena pa loji pomwe mumagwira ntchito, maganizo anu ndikuwadziwa: kutola chimodzi, kumangirirapo tizomera tobiriwira monga munaonera pa YouTube, n'kuikamo mbuna kuti alendo azidyetsa maso. Chilakolako chimenecho si cholakwika. Ku Kambiri Point malemu Stuart Grant anayamba kutumiza nsomba zokongoletsera kunja m'zaka za m'ma 1970, ndipo oweta nsomba a ku Germany ndi America amalidziwa dzina la Senga Bay chifukwa cha ntchitoyo. Koma musanagule ulusi ndi guluu, abale anga, ndiyankheni kaye: chomeracho chikadzakula n'kudzaza thanki, zodulazo mudzakataya kuti?

Ndikufunsa chifukwa cha namasupuni. Kwawo ndi ku South America, ku chigwa cha Amazon, ndipo kuno sanabwere yekha. Anthu ndiwo anamunyamula, atakopeka ndi maluwa ake apepo, kuti akongoletse timadamu ta pakhomo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anali atafika ku Egypt. M'ma 1930 anaoneka m'mitsinje ya ku Harare. Kumapeto kwa m'ma 1960 anali kumunsi kwa Shire, ndipo pofika m'ma 1990 anali kumtunda kwa mtsinjewu ndi ku Malombe. Mabwato anasowa podutsa, maukonde anasowa poponya. Pamodzi ndi zomera zina zoyandama, anayamba kutseka polowera madzi ku Nkula ndi Tedzani, magetsi n'kumazima mpaka ku Salima komwe. Anthu anabweretsa tizilombo tomudya kuchokera kunja, anagula makina omudula ku Kamuzu Barrage ku Liwonde. Zaka zoposa 50 zadutsa, namasupuni sanathebe. Ku Kariba nako kachomera koyandama kochokera ku Brazil, kotchedwa Salvinia, kanali katakuta pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a nyanjayo pofika 1962. Salvinia yemweyo amakonda kubisala pakati pa zomera za m'thanki zomwe anthu amagulitsana ndi kupatsana.

Tsono taganizani pomwe panalakwika. Amene ankanyamula namasupuni sanali adani a dziko. Anali anthu okonda zokongola, monga mulili inumu. Kubzalako sikunaononge kanthu tsiku loyamba. Vuto linadza duwalo litasangalala, pakuti m'madzi ofunda limatha kuwirikiza pa masabata awiri okha. Kadamu kadzaza, mwini nyumba atuma wantchito kuti apatulire, wantchito adzaza ndowa. Kodi ndowa ya zomera zonyowa munthu amapita nayo kuti? Amayang'ana ngalande yapafupi kapena dambo la kuseri kwa mpanda. Amaona ngati wachita bwino, poti za m'madzi wazibwezera m'madzi. Palibe anamukalipira, palibe anamuona, ndipo iyeyo anagona tulo tabwino. Njere za namasupuni zimakhala zamoyo m'matope kwa zaka mpaka 20. Munthu wa ndowa uja amakalamba n'kumwalira, koma zimene anakhuthula zikumerabe.

Inuyo muli pangozi yoposa pamenepo, chifukwa nyanja ili pakhomo panu penipeni. Madzi osamba ndi ochapira a nyumba zambiri za m'mphepete mwa gombe amathera kuti? Mukasintha madzi a m'thanki, paipi yanu mumailozetsa mbali iti?

Chikunicho nachonso chili ndi zake. Mumaudziwa mtengo umene chinachokera? Makolo athu ankapha nsomba m'madziwe ndi katupe, ndipo utomoni wa nkhadze nawo umapha nsomba. Chikuni chimene chili ndi khungwa, chotuluka utomoni, chonunkhira mwamphamvu, kapena chofewa moti chikhadabo n'kulowa, chisiyeni pomwepo. Thabwa la boti lakale lamwa penti ndi oyilo wa injini. Chidutswa cha pholo la magetsi kapena la mpanda chinaviikidwa m'mankhwala oletsa chiswe. Zimenezi m'nyanja yaikulu zimasungunuka n'kubalalika, koma m'thanki ya malita 100 zilibe kothawira, ndipo nsomba zanu nazo zilibe kothawira. Mukaona mafuta akuyandama pamwamba, nsomba zikuyasamula pamwamba pa madzi, zikudzikhula pamiyala kapena zikukana kudya chikuni chitangolowa, musadikire mawa. Chotsani chikuni, sinthani madzi.

Ngakhale chikuni chabwino chimasintha madzi. Chimatulutsa mtundu mpaka madzi kuoneka ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo chimatsitsa muyezo wa pH. Madzi a m'nyanja yathu amakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo mbuna zinazolowera amenewo. Kwawo kwa mbuna ndi m'miyala monga ya ku Namalenje ndi ku zilumba za Maleri. Choncho miyala ichuluke, chikuni chikhale chimodzi chaching'ono.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nkhono. M'ming'alu ya chikuni chomwe chagona m'bango mumabisala tinkhono ting'onoting'ono ndi mazira ake. Tina mwa ito ndi tamtundu wa Bulinus, tomwe timasunga tizilombo ta likodzo. Mu 2017 ofufuza anapezanso m'magombe a Mangochi nkhono za Biomphalaria, zofalitsa likodzo la m'matumbo. Nkhono yodwala ikalowa m'thanki yanu imatulutsa tizilomboto m'madzi kwa masabata, ndipo timaboola khungu popanda kumva kupweteka. Ndani amalowetsa mkono m'thankimo mpaka m'chigongono? Si inu? Si mwana wanu amene amakonda kudyetsa nsomba? Kuyabwa kwa khungu mutagwira madziwo, kapena magazi m'mkodzo pakapita nthawi, ndi nkhani ya kuchipatala, komwe kuli mankhwala a praziquantel.

Ndiye chikuni chikwecheni ndi bulashi yolimba, popanda sopo. Chiwiritseni kwa ola limodzi kapena awiri. Chikakula poto, chithireni madzi owira mbali zonse, chiume padzuwa, kenako chiviikeni m'mgolo woyera kwa masabata angapo, mukusintha madzi mpaka asiye kuda ndipo chikuni chizimira chokha. Zomera zatsopano nazo zikhale m'beseni lawolawo masabata awiri kapena atatu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tembenuzani tsamba lililonse. Timadontho toterera toonekera mkati tomwe tamatirira kunsi kwa tsamba ndi mazira a nkhono. Katsamba koyandama kaubweya komwe simunagule, kachotseni msanga.

Kumangirira kwenikweniko n'kosavuta. Anubias, wochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndi Java fern wa ku Asia ndiwo amapirira mano a mbuna chifukwa masamba awo ndi olimba. Onse awiri ali ndi tsinde logona lomwe limatulutsa masamba pamwamba ndi mizu pansi. Tsinde limenelo lisakwiririke mumchenga ndipo lisapakidwe guluu, apo ayi liwola. Ligonekeni pachikuni, zungulizani ulusi wa thonje mosathinitsa. Ulusiwo udzawola wokha mizu itagwira kale. Twaini ya mbedza imagwira ntchito, koma siwola, ndipo nsomba imatha kukodwamo, choncho muidule mizu ikagwira. Supagulu wolimba uja, kadontho kamodzi kapena tiwiri pamizu, akauma savulaza nsomba. Guluu wa nsapato ndi wa mipando ayi. Waya wa kopa wa m'zingwe zamagetsi, ngakhale ali pafupi ndipo amapindika bwino, ndi poizoni m'madzi.

Miyezi ikapita chomera chidzakula, ndipo tsiku la ndowa lidzakufikani inunso. Kachomera kena ka m'thanki kotchedwa Java moss kamaphuka kuchokera pa kachidutswa kochepa kwambiri, kokhoza kudutsa m'paipi inu osakaona. Zodula zonse ziyanikeni pa lata mpaka ziume gwa, kenako muzitenthe. Madzi akale athireni pamtunda, patsinde pa mtengo, kutali ndi ngalande yopita kunyanja. Nsomba yomwe mwatopa nayo musaimasulire pagombe. Ku chilumba cha Thumbi West, pafupi ndi Cape Maclear, mbuna za mtundu wa Cynotilapia afra zochokera kumpoto kwa nyanja zinatayidwa ndi ochita malonda a nsomba zokongoletsera, ndipo zinayamba kuswana ndi mbuna zapamalopo. Zimenezo zinachitika m'dera lomwe mu 1980 linakhala Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawavomereza mu 1984 chifukwa cha nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Zilumba za Maleri zili m'paki yomweyo, kum'mwera kwa gombe lanu.

Ndipo mukamayenda cha ku dambo la Mpatsanjoka kapena pomwe timitsinje timathira m'nyanja, muziponya maso m'mabango. Mukaona chomera choyandama cha masamba onyezimira ndi mapesi otupa, kapena timasamba taubweya tomwe tayala pamadzi, musatolere kunyumba kuti mukaike m'thanki. Chivuuleni, chiponyeni pamtunda pouma, ndipo tsiku lomwelo dziwitsani a komiti ya pagombe kapena alangizi a za usodzi.