Cigubu Copanda Kanthu Cikadali ndi Poizoni: Phunziro la Zinyalala Zoopsa pa Munda

Pophunzira kapoperedwe ka mankhwala timathera nthawi yambiri pa muyeso, pa nthawi yoyenera kupopera, ndi pa zovala zodzitetezera. Phunziro lino likuyambira pamene maphunziro ajawo amathera. Mankhwala apoperedwa ndipo mbozi zafa, koma m'manja mwa mlimi mwatsala botolo, pansi pa sipuleya patsala madzi osakaniza, ndipo kunyumba kuli thumba limene munali mbewu yopakidwa mankhwala. Nchito ya mlimi siinathe kufikira zinthu zimenezi zitasamalidwa, pakuti iye akaziiwala, amene amazitola kawirikawiri ndi mwana, mbuzi kapena mtsinje.

Kodi zinyalala zoopsa n'ciyani?

Zinyalala zambiri za pa munda ndi cuma. Mapesi, manyowa a m'khola, makoko a nshawa ndi phulusa la nkhuni zimabwerera kunthaka ndi kuidyetsa. Koma pali zina zimene nthaka singathe kuzisandutsa zabwino. Cinyalala cimachulidwa kuti coopsa cikakhala ndi poizoni, cikakhala coyaka msanga, cikakhala codya khungu kapena citsulo monga asidi, cikakhala cotha kuphulika kapena kutulutsa mpweya woipa, kapenanso cikakhala ndi tizilombo ta matenda.

Pa munda wa mlimi wamng'ono zotere sizisowa. Pali mabotolo, zigubu ndi timapepala ta mankhwala a thonje, a ndiwo za ku dimba ndi opha udzu. Pali mankhwala amene anapitirira tsiku lake kapena amene lebulo yake inafufutika. Pali madzi otsala a mankhwala opha nkhupakupa, jekeseni ndi timabotolo ta mankhwala a ziweto, oilo wakuda wocokera mu injini ya cigayo, ya thirakitala kapena ya pampu, ndi mabatire akufa a sola ndi a galimoto. Kucokera kumapeto kwa caka ca 2016, pamene mbozi za fall armyworm zinalowa m'minda ya cimanga muno mu Zambia, ngakhale mabanja amene kale sanali kupopera cimanga anayamba kugula mankhwala, ndipo mabotolo otha anaculuka m'midzi.

Cifukwa cake cigubu siciyera

Cigubu ca mankhwala ca malita asanu kapena 20 cimakopa maso. Ndi colimba, cili ndi cotsekera cabwino, ndipo cogula catsopano ku sitolo cimafuna ndalama. Cotero cimapezeka ku citsime, cikutungira madzi akumwa, kapena munathiridwa thobwa, munkoyo, mkaka kapena saladi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Mankhwala amene amagulitsidwa m'botolo ndi amphamvu kwambiri, cifukwa anapangidwa kuti pang'ono cabe asakanizidwe ndi madzi ambiri. Madontho otsalira m'mbali ndi pansi pa cigubu ali ndi mphamvu yonseyo. Kuonjezera apo, pulasitiki imamwa mankhwala ena, ndipo pambuyo pake imawabweza pang'onopang'ono m'cakudya kapena cakumwa cimene caikidwamo, makamaka ca mafuta. Sopo, phulusa, mcenga kapena madzi otentha angacotse fungo, koma mphuno siyesa poizoni.

Poizoni amalowa m'thupi kudzera pakamwa, pakhungu, m'maso ndi popuma. Mankhwala a gulu la organophosphate, amene ndi ofala m'madimba, amasokoneza mitsempha. Wodwala amatuluka malovu ambiri ndi thukuta, amasanza, amatsegula m'mimba, kamboni ka m'diso kamacepa kwambiri, ndipo amabanika popuma. Ngozi ina siioneka tsiku lomwelo. Banja lomwa madzi a m'cigubu cotere limalandira poizoni pang'onopang'ono kwa miyezi, ndipo ana ndi amayi apakati ndiwo amavulala koposa. Kunja kwa nyumba nakonso kuli otayika: mankhwala ambiri opha tizilombo amaphanso njuci ndi nsomba, ndipo ocepa cabe akalowa m'dziwe la nsomba akhoza kuononga zokolola za caka conse.

Zimene zinacitikira ena

Mumzinda wa Kabwe munali mgodi wa mtovu ndi zinki umene unagwira nchito zaka pafupifupi 90 kufikira unatsekedwa mu 1994. Mgodi unatsekedwa, koma mulu wa zotsalira zake unakhala. Fumbi lake lili m'nthaka ya m'makomboni oyandikana nawo, ndipo ana ambiri kumeneko anapezeka ndi mtovu woculuka m'magazi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo suwola m'nthaka. Mtovu womwewo ndi umene uli m'batire ya sola kapena ya galimoto. Munthu woswa batire pabwalo ndi kusungunula mtovu wake pa mbaula akucita pakhomo pake zimene zinacitika ku Kabwe, pa muyeso waung'ono.

Phunziro lina likukhudza mbewu yopakidwa mankhwala, ndipo likucokera kutali, ku dziko la Iraq. Cakumapeto kwa 1971 kunafika tirigu wa mbewu wopakidwa mankhwala a mekyule. Anafika mocedwa, nthawi yobzala itapita m'madera ambiri, ndipo macenjezo a pa matumba anali m'zinenero zimene alimi sanali kuziwerenga. Anthu anatsuka utoto wofiirira wa pa mbewuyo, nagaya ufa, naphika buledi. Utoto unacoka, koma poizoni anatsala. Anthu oposa 6,500 anagonekedwa m'zipatala, ndipo 459 anafera momwemo. Mankhwala opaka mbewu masiku ano ndi ena, komabe utoto wofiira kapena wobiriwira umene timauona pa cimanga ca mbewu ukunena mau omwewo: izi n'zobzala, si zodya munthu, nkhuku kapena nkhumba.

Zimene lamulo likunena

Lamulo lalikulu loteteza cilengedwe muno ndi Environmental Management Act, lamulo la nambala 12 la caka ca 2011. Linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1990, ndipo bungwe limene linali kuchulidwa kuti Environmental Council of Zambia linasanduka Zambia Environmental Management Agency, mwacidule ZEMA, limene likulu lake lili ku Lusaka. Ndondomeko za zilolezo zinalembedwa mu Statutory Instrument ya nambala 112 ya 2013.

Mfundo zitatu za lamuloli zikukhudza mlimi mwacindunji. Yoyamba ndi yakuti munthu aliyense wokhala mu Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, otetezeka ndi opatsa thanzi, ndipo aliyense ali ndi udindo wosamala cilengedwe. Mnansi wanu wotunga madzi kumunsi kwa dimba lanu ali ndi ufulu umenewo monga inu. Yaciwiri ndi yakuti woipitsa ndiye alipire, kutanthauza kuti mtengo wokonza zoonongeka umagwera amene wathira poizoniyo. Kuthira zoipitsa m'madzi kapena panthaka mosemphana ndi lamulo ndi mlandu wa cindapusa kapena ndende. Yacitatu ndi yakuti wopanga, woitanitsa kunja, wonyamula, wosunga kapena wogulitsa mankhwala ophera tizilombo pa malonda afunika laisensi ya ZEMA, ndipo cimodzimodzinso wonyamula kapena wotaya zinyalala zoopsa.

Conco mankhwala ogulitsidwa pamsika m'timabotolo ta zakumwa kapena m'timapepala topanda lebulo ndi osemphana ndi lamulo. Wogula sadziwa dzina lake, muyeso wake, kapena zimene adokotala angacite ngozi itagwa, ndipo mwana sangawasiyanitse ndi cakumwa. Gulani kwa ogulitsa alaisensi, m'botolo lake lenileni losatsegulidwa.

Dziko lathu linalowanso m'pangano la maiko la Basel, lopangidwa mu 1989, loyang'anira kasamutsidwe ka zinyalala zoopsa kucoka dziko lina kupita lina. Panganoli linabwera pambuyo pa zocitika monga za ku Koko, ku Nigeria, kumene mu 1988 kunatulukira migolo zikwi zingapo ya zinyalala za poizoni yocokera ku Italy itaunjikidwa pamalo a munthu wamba. Maiko anakana kuti Africa ikhale dzala la poizoni wa ena, ndipo ifenso tisalole kuti mitsinje ndi madambo athu akhale dzala la poizoni wathu.

Kutsuka katatu ndi kuboola

Njira imene mlimi aliyense ayenera kuidziwa ndi kutsuka katatu. Icitike pa nthawi yomwe mukusakaniza mankhwala, botolo litangotha, mudakali ndi magolovesi, nsapato za jombo ndi cophimba kumaso. Mankhwala akauma m'botolo amavuta kucoka.

1. Khuthulirani mankhwala onse mu sipuleya, ndipo botolo likhale cozondoka kwa masekondi 30 kuti madontho athe.
2. Thirani madzi oyera m'botolo kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi.
3. Tsekani zolimba ndi kukhucumula kwa masekondi 30, kuti madzi afike mbali zonse.
4. Thirani madziwo mu sipuleya. Asapite pansi, m'ngalande kapena mumtsinje.
5. Bwerezani kufikira mwatsuka katatu, kenaka boolani botolo pansi ndi m'mbali kuti wina asadzaligwiritsenso nchito.

Njira imeneyi imacotsa pafupifupi mankhwala onse otsalira, ndipo amapita ku mbewu kumene munawagulira. Komabe botolo lotsukidwa katatu siliyenera cakudya kapena madzi. Cifukwa cake timaliboola.

Musatenthe mabotolo ndi mapepala a mankhwala, pakuti moto wa pabwalo sutentha mokwanira kuononga poizoni ndipo utsi wake ndi woopsa. Musawaponye m'cimbudzi, m'citsime cakale kapena kudambo, cifukwa madzi a pansi amayenda ndipo amafika ku mjigo. Asungeni m'thumba kapena mumgolo wolembedwa bwino, m'cipinda cokhoma cosadontha, kutali ndi nkhokwe ndi malo ogona. Kenaka funsani amene anakugulitsani, kampani imene munatengako ngongole ya thonje kapena fodya, alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kapena a ZEMA, za kumene angaperekedwe. Alimi a m'kopaletivu imodzi akasonkhanitsa mabotolo ao pamalo amodzi, pempho lao limamveka kuposa la munthu mmodzi.

Cenjezo lapadera: mapiritsi a aluminium phosphide ofukizira cimanga m'nkhokwe zazikulu amatulutsa mpweya wakupha akakhudzana ndi cinyontho, ndipo akhoza kuyaka. Citini cake cisatsukidwe ndi madzi. Mapiritsiwa ndi a anthu ophunzitsidwa nchito yofukiza, ndipo asagwiritsidwe nchito m'nyumba yogonamo anthu.

Zotsala zina

Njira yabwino koposa ndiyo kucepetsa zotsala. Yesani munda wanu, gulani mankhwala okwanira nyengo imodzi, ndipo sakanizani okwanira tsiku limenelo. Kasinthasintha wa mbewu, kuyendera munda musanaganize zopopera, ndi matumba osalowa mpweya osungiramo cimanga zimacepetsa mabotolo olowa pakhomo. Madzi otsukira sipuleya apoperedwe m'munda womwewo. Mankhwala akatayika pansi, aphimbeni ndi mcenga kapena utuci, kokolani, ndi kusunga m'cotengera cotsekeka. Kuthirapo madzi kumangofalitsa poizoni.

Mankhwala akale akhale m'botolo lake, okhomeredwa, kufikira alangizi atakuuzani cocita. Mbewu yopakidwa mankhwala yotsala ibzalidwe, ndipo thumba lake lisaikidwe ufa. Oilo wakuda asungidwe m'cigubu cotseka, asathiridwe pansi kapena kupakidwa pa zilonda za ziweto. Batire yakufa iperekedwe yathunthu, yosaswa ndi yosakhuthula asidi, kwa ogulitsa mabatire kapena ogula ovomerezeka. Jekeseni za ziweto ziikidwe m'citini colimba cotseka, ndipo a zaumoyo wa ziweto akuuzeni kotaya.

Ngozi ikagwa

Cotsani munthuyo pamalopo, m'vuleni zovala zonyowa ndi mankhwala, ndi kusambitsa khungu ndi sopo ndi madzi ambiri. M'maso muthiridwe madzi oyera kwa mphindi 15. Ngati wamwa mankhwala, musamusanzitse ndipo musamupatse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye kucipatala mutanyamula botolo kapena lebulo yake, cifukwa dzina la mankhwala ndilo limauza adokotala cithandizo coyenera.

Mafunso ndi nchito ya sabata ino

1. Chulani zinthu zisanu za pa munda panu zimene zili m'gulu la zinyalala zoopsa. Zili kuti lero?
2. N'cifukwa ciyani madzi otsukira botolo ayenera kupita mu sipuleya?
3. Mnansi wanu wapempha cigubu ca mankhwala opha udzu kuti azitungira madzi. Mudzamuyankha bwanji kuti amvetse popanda kukhumudwa?
4. Ophunzira amene ali pano ayendere cipinda ca mankhwala, khola ndi malo okonzera makina, alembe zonse zimene apeza ndi tsiku lothera mphamvu la botolo lililonse. Inu amene munatsiriza maphunziro, citani zomwezo kwanu, ndipo pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu la alimi onetsani anzanu kutsuka katatu pogwiritsa nchito botolo limene munalibe mankhwala. Aliyense abwere akudziwa ciwerengero ca zigubu za mankhwala zimene zikusungira madzi kapena cakudya m'mudzi mwake, ndipo mugwirizane tsiku loziboola.