KUYESA MZERE WOZUNGULIRA

Munthu akafuna kumanga khola la ng'ombe lozungulira, ayamba wakhoma cikhomo pakati pa malowo. Pa cikhomoco amangapo cingwe, ndi ku nsonga yace amangako kamtengo kosongoka. Tsono ayenda atakoka cingweco kolimba, nalemba mzere pansi kufikira atabwerera pamene anayambira. Utali wa cingwe, kucokera pakati kufika pa mzere, uchedwa rediyasi.

Asanapite ku thengo kukadula nsici, ayenera kudziwa utali wa mzere wonsewo. Akadula zocepa, padzatsala mpata wolowera fisi. Akadula zambiri, waononga mitengo ndi mphamvu zace pacabe. Nanga angaudziwe bwanji?

Tengani mbale ndi ulusi, ana inu. Yesani mbaleyo modutsa pakati peni-peni, kucokera ku mbali ina kufika ku mbali inzace. Utali umenewu uchedwa dayamita, ndipo ndiwo marediyasi awiri. Tsopano yesani mozungulira mlomo wa mbale. Mudzaona kuti dayamita ilowamo katatu, nkutsala kacidutswa. Yesaninso mphika, ndowa kapena mtondo: ciwerengeroco sicisintha.

Munthu wanzeru wa ku Syracuse, dzina lace Archimedes, amene anafa m'caka ca 212 Kristu asanabadwe, anasonyeza kuti ciwerengero cimeneci cicepa pang'ono cabe pa 3 1/7. Lero ticicha pai, ndipo cilembedwa motere: π. M'masamu athu tidzati pai ndi 22/7.

Lamulo lace ndi ili: culukitsani rediyasi ndi 2, cimene mwapeza muciculukitse ndi 22, pomariza gawani ndi 7.

Tinene kuti cingwe ca khola lija ndi mamita 7.

7 × 2 = 14
14 × 22 = 308
308 ÷ 7 = 44

Cotero mzere wa khola ndi mamita 44. Ngati pa mita iri yonse aimika nsici ziwiri, mwini ng'ombe adzadula nsici 88.

Cenjerani: mukapatsidwa dayamita, musaiculukitsenso ndi 2, cifukwa iri nao kale marediyasi awiri.

ZOCITA

1. Rediyasi ya gudumu la njinga ndi masentimita 35. Njinga ipita utali wotani gudumu likazungulira kamodzi?
2. Gudumu lomwelo lidzazungulira kangati pa mamita 22?
3. Rediyasi ya nkhokwe ndi masentimita 70. Nsungwi yoizinga kamodzi ikhale yaitali bwanji?