Injini Yowira pa Msewu wa ku Feira

Funso: Bambo Mkonzi, galimoto yanga yonyamula nsomba imawira nthawi zonse ndikamachoka kwa Mburuma kupita ku mlatho wa Luangwa pa msewu wa ku Feira, chonsecho ndimathira madzi a mumtsinje m'mawa uliwonse. Komanso mnyamata wanga woyendetsa akufuna kugula ndudu yamagetsi kuti aleke fodya. Ndichite chiyani?
Wowerenga, Mburuma

Yankho: Bambo, madzi amene mukuwayesa mankhwala ndiwo akudwalitsa galimoto yanu, pakuti madzi a mu Luangwa, odzala ndi matope, amasiya zokakamira m'timachubu ta radiyeta, kufikira kuti m'mwezi wa Okutobala, pamene chigwa chonse chatentha ngati ng'anjo, injini yokwera zitunda ndi katundu isowa kotayira kutentha kwake. Tsukitsani radiyeta, muthiremo madzi oyera osakaniza ndi coolant, ndipo muyang'anitsitse lamba wa fani ndi chivindikiro, chimene chikakhala cholimba chimaletsa madzi kuwira pa madigiri 100 kufikira atayandikira 120. Ikawira, imani pamthunzi, musatsegule chivindikirocho kufikira injini itazizira, kuopa kuti nthunzi ingakutentheni nkhope. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza oyilo atayera ngati mkaka, kawirikawiri ndiye kuti gasket yapsa, ndipo musayendenso nayo galimotoyo.

Za mnyamatayo, mumuuze kuti ndudu yamagetsi nayonso nthawi zambiri ili ndi nikotini yemweyo amene amamanga munthu ku fodya. Akaumirira, asagule yopanda dzina la kampani, ndipo asaisiye padzuwa m'galimoto yotseka, chifukwa batire yake ikatentha imatupa, nthawi zina n'kuyaka moto.