Phunziro la Mwezi Uno: Zidindo za Zala Paboda

Abale ndi alongo, ambirife tinazolowera kuti paboda mkulu wa zolowa ndi kutuluka amangoyang'ana nkhope, n'kudinda pasipoti, basi tadutsa. Tsopano m'zipata zambiri akutiuzanso kuti tiike zala pagalasi ndi kuyang'ana kamera. M'phunziro lino tiona chifukwa chake komanso zoyenera kusamala.

1. Zinayamba liti?

America inayamba kutenga zidindo za zala za alendo pamabwalo a ndege mu 2004, Japan mu 2007. Kuyambira 2008 wopempha viza ya ku Britain amapereka zidindo ndi chithunzi. Kuno ku South Africa, Home Affairs inayamba kuyesa makinawa mu 2015 pamabwalo a ndege monga OR Tambo. Mayiko ambiri a ku Ulaya anayamba kulemba alendo mwa njira yomweyi mu Okutobala 2025. Kumudzi nakonso, amene tinalembetsa chiphaso cha unzika ku Malawi mu 2017 tinadinda zala.

2. Makinawa amaona chiyani?

Mizere ya pachala imapangika mwana ali m'mimba ndipo sisintha mpaka kukalamba. Ngakhale mapasa safanana. Makina amajambula mizereyo, kompyuta n'kuisunga pamodzi ndi dzina, nambala ya pasipoti ndi tsiku limene tadutsa. Tikabweranso, imafananitsa. Ndiye kuti munthu akasintha dzina, chala chimamuululabe.

3. Ngozi ili pati?

Pasipoti ya Malawi imatilola kucheza kuno masiku osapitirira 30 popanda viza, ndipo masikuwo si chilolezo chogwira ntchito. Malamulo a 2014 akuti wopitirira masiku ake ndi masiku 30 kapena ochepera amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Akabwereza pasanathe miyezi 24, ndi zaka ziwiri. Wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu.

Apa m'pamene amabwera madobadoba aja: "Tikupangirani pasipoti ina, dzina lina," kapena "Perekani pasipoti ikadindidwe ku Beitbridge, inu khalani." Tisalole. Chidindo chimene sichikupezeka m'kompyuta chimagwiritsa mwini pasipoti, osati amene anadya ndalama. Chala chimodzi chikapezeka ndi mayina awiri, nkhani ya kupitirira masiku imasanduka mlandu wa chinyengo, munthu n'kumangidwa. Ana kumudzi akudikira fizi, ife tili m'chitokosi.

4. Tichite chiyani?

Tiwerenge tsiku limene atidindira tisanachoke pawindo, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ochepa.

Dzina ndi tsiku lobadwa zikhale zofanana papasipoti, pachiphaso cha unzika ndi papemiti. Cholakwika tikakonzetse ku ofesi imene inapereka chikalatacho.

Amene timagwira simenti, jiki kapena ntchito za kumunda, mizere imafufutika ndipo makina amakana. Tizivala magolovesi, tizidzola mafuta m'manja kwa masiku angapo ulendo usanafike, koma patsikulo zala zikhale zoyera ndi zouma. Makina akakana tisanjenjemere: tifotokoze ntchito yathu, ayesa chala china.

Ngati taletsedwa pa chifukwa chomveka, monga kugonekedwa m'chipatala, tikhoza kuchita apilo polembera Home Affairs. Tisunge kalata yotiletsayo, kalata ya dokotala ndi mafotokope a pasipoti.

Tisabwereke pasipoti ya m'bale, ngakhale nkhope zikufanana bwanji. Tikagwidwa, tamuika m'mavuto iyenso.

Mafunso okambirana pagulu

(a) Kodi mayina athu ndi ofanana pazikalata zathu zonse?
(b) Mnzathu akaletsedwa zaka zisanu n'kumafuna pasipoti ya dzina lina, timulangiza zotani?
(c) Ndani kunyumba akudziwa kumene tasunga mafotokope a zikalata zathu?

Amene zikalata zawo zili ndi vuto abwere nazo ku ofesi yathu asanagule tikiti ya basi, tidzaonere limodzi.