Kodi sukulu ya njinga yamoto n'kutaya ndalama?

Talandira kalata yochokera ku Mponela, m'boma la Dowa. Mnzathuyu akuti wagula njinga yamoto yoti azichitira kabaza, koma anzake pa siteji akumuuza kuti kulipira sukulu n'kutaya ndalama, poti iwo anangophunzirira pa bwalo la mpira. Ndiye akufunsa: alipire kapena ayi?

Achimwene a ku Mponela, lipirani. Pa bwalo mudzangodziwa kuliza njinga ndi kusintha magiya. Kusukulu adzakuonetsani kuti mukafinya mwamphamvu buleki yakutsogolo pamchenga, tayala limaterereka n'kukugwetsani. Adzakuonetsani malo a m'mbali mwa thiraki pomwe dalaivala sakuonani pagalasi, komanso kuti mukakweza munthu ndi thumba la chimanga, njinga imachedwa kuima. Mukatero, kayesedweni ku Road Traffic mutenge laisensi, mudulenso inshulansi, kuti musamazembe apolisi pa msewu wa M1.

Ganiziraninso izi: mwendo ukathyoka, mukagona ku chipatala cha Kamuzu Central, kenako miyezi osagwira ntchito, ana akudikira ufa kunyumba.

Kwa nonse a kabaza, ngati ndalama zikuchepa, gwirizanani pa siteji mukapemphe mtengo wa gulu kusukuluko. Ndipo chisoti chisamasowe, chanu ndi cha kasitomala yemwe.