Ulendo Wokaona Mathithi pa Tchuthi: Mmene Mphunzitsi Angausandutsire Phunziro

Mau Oyamba

Sukulu zikatsegulidwa, ana amabwera ndi nkhani za kumene anali pa tchuthi. Ambiri amakhala atathandiza makolo kumunda kapena atakacheza kwa agogo. Koma nthaŵi zina pamapezeka mmodzi amene banja lake linadutsa malire kukaona mathithi aakulu a m'maiko oyandikana nafe. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwana wotere wabweretsadi kalumo m'kalasi, koma kalumo kamameta, kamachekanso. Mphunzitsi wosasamala amamlekerera mwanayo kuti adzitame, anzake n'kungoti chete ndi manyazi, akumaganiza kuti tchuthi chawo chinali chachabechabe. Mphunzitsi waluso amautenga ulendowo n'kuusandutsa chuma cha kalasi lonse. Nkhani ino ikufotokoza mmene inu, aphunzitsi amaŵa, mungachitire zimenezi m'Sitandade 6 kapena 7.

Zimene Mphunzitsi Ayenera Kudziŵa

Mwana adzafotokoza zimene maso ake anaona. Tanthauzo lake lidzachokera kwa inu. Choncho konzekerani mfundo izi.

Mathithi a Victoria ali pa mtsinje wa Zambezi, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe. M'lifupi mwake ndi mamita oposa 1,700, ndipo pamalo ozama kwambiri madzi amagwa mamita 108. Anthu a kumeneko amawatcha Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda ngati bingu, chifukwa cha nthunzi imene imakwera kumwamba ndi mkokomo umene umamveka kutali. Madzi amachuluka koposa cha m'mwezi wa Epulo, ndipo amachepa m'Okutobala ndi m'Novembala. David Livingstone anafika pamalopo m'Novembala 1855, motsogozedwa ndi anthu a mfumu Sekeletu, naŵapatsa dzina la mfumukazi ya ku Britain. Mlatho umene uli kumunsi kwa mathithiwo unatha kumangidwa mu 1905.

Mathithi a Kalambo ali pafupi ndi Mbala, m'malire a Zambia ndi Tanzania, cha kummwera kwa nyanja ya Tanganyika. Ameneŵa ndi opapatiza, koma madzi ake amagwa mamita oposa 200. Mu 2023 akatswiri ofukula zakale analengeza kuti anapezapo mitengo yosemedwa ndi kulumikizidwa zaka pafupifupi 476,000 zapitazo.

Kwathu kuno tili ndi mathithi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, a Manchewe pafupi ndi Livingstonia, ndi a Zoa pa mtsinje wa Ruo. Magetsi ambiri a m'Malaŵi amapangidwa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamene Shire amatsetsereka mwamphamvu.

Zipangizo

Mapu a maiko a kummwera kwa Afirika, chingwe chotalika mamita 10, njerwa ziŵiri, mchenga wonyowa, keni yothirira mbeu, ndi zithunzi za ulendowo, ngati makolo alola kubwereka.

Kaphunzitsidwe

Gawo loyamba: Yambani ndi zimene ana onse akuzidziŵa. Musayambe ndi mwana woyenda uja ayi. Funsani kuti, "Ndani anaonapo madzi akugwa kuchokera pamwamba?" Wina adzatchula madzi a padenga, wina ngalande ya m'mbali mwa mseu, winanso kamtsinje ka kuphiri kumene amadyetsa mbuzi. Lembani mayankho onse pa bolodi. Potero mwana aliyense waikapo njerwa yake, ndipo mau akuti "mathithi" sadzakhalanso achilendo.

Gawo lachiŵiri: Tsopano itanani woyenda uja, koma mafunso afunse anzake, inu mutaŵathandiza kuŵakonza. Akhale mafunso a zooneka, zomveka ndi zokhudzika: kodi madziwo anali amtundu wanji? Kodi munkamvana polankhula? Nanga zovala zinanyowa bwanji mvula isakugwa? Mafunso a ndalama zimene bambo ake anawononga, kapena a zakudya za ku hotela, muŵapatutse mwaulemu, pakuti ndiwo amabala kudzitama ndi kaduka. Mphindi zisanu n'zokwanira.

Gawo lachitatu: Pitani pa mapu. Ana amene sanayende ndiwo alondole njira ndi chala: kuchokera ku Lilongwe, kudutsa chipata cha Mchinji, kenaka Chipata, Lusaka, mpaka tauni ya Livingstone, ndi kuoloka mlatho kuloŵa m'Zimbabwe. Aŵerenge malire amene banjalo linadutsa, ndipo afotokoze chifukwa chake pamafunika pasipoti. Aonetseninso mitsinje ya Luangwa ndi Kafue imene ulendowo unaoloka. Pomaliza funsani funso ili: "Kodi madzi a Shire amadutsa pa mathithi a Victoria?" Ambiri adzavomera chifukwa anamva kuti Shire amathira m'Zambezi. Alekeni atsutsane mpaka mmodzi aone kuti mitsinje iŵiriyi imakumana ku Mozambique, kumunsi kwenikweni kwa mathithiwo. Yankho limene mwana walipeza yekha saliiŵala msanga.

Gawo lachinayi: Tulukani panja. Nambala yolembedwa pa bolodi siimveka m'mutu mwa mwana kufikira ataiyenda ndi mapazi. Ana ayese mamita 108 pa bwalo la mpira ndi chingwe chija, kenaka muŵauze kuti aganize bwalo lonselo litaimirira chilili: kumeneko ndiko kuzama kwa phompho la Victoria. Aŵerengetse okha kuti m'lifupi mwa mathithiwo mungaloŵe mabwalo angati otalika mamita 100, ndiponso kuti Kalambo amaposa Victoria ndi kutalika kotani.

Mukatero sanjani njerwa ziŵiri pamalo otsetsereka pang'ono, musiye mpata pakati pake, ndipo mpatawo muudzaze ndi mchenga. Mwana mmodzi athire madzi pa njerwa yakumtunda. Mchenga udzakokoloka, njerwa zidzatsala, ndipo madzi adzayamba kugwera mumpata. Umu ndimo anapangikira mathithi a Victoria: Zambezi amayenda pa thanthwe lolimba lokhala ndi ming'alu, ndipo kwa zaka zikwi zambiri wakhala akukumba zofeŵa za m'ming'aluyo. Zigwembe zokhotakhota zimene zili kumunsi ndi malo amene mathithiwo anali kale.

Gawo lachisanu: Bwererani m'kalasi kuti ana alembe chimangirizo. Mutu usakhale wakuti "Ulendo Wanga wa Kunja", pakuti wolemba adzakhala mmodzi yekha. Perekani mutu wonga wakuti "Madzi Amene Ndinaŵaona Akugwa", kuti wa ku Mosi-oa-Tunya ndi wa ku kamtsinje ka kuphiri ayesedwe ndi muyeso umodzi, ndiwo luso la kuona ndi kufotokoza.

Chenjezo

Peŵani kuuza ana kuti Livingstone ndiye anatulukira mathithi a Victoria. Amene anamperekeza ankaŵadziŵa kale, ndipo dzina anali nalo. Phunzitsani maina onse aŵiri, ndipo tumani ana kukafunsa akuluakulu a kwawo maina a mathithi ndi maiŵe a m'dera lawo pamodzi ndi matanthauzo ake.

Mau Omaliza

Phunziro ili lidzakhala litapindula ngati mwana amene sanatulukepo m'boma lake atha kuloza Zambezi pa mapu, kufotokoza chimene chimapanga mathithi, ndi kunyadira mtsinje wa kwawo. Mmodzi anayenda pa basi. Ntchito yanu njakuti enawo ayende ndi nzeru.

Mafunso Okambirana pa Koleji

1. Kodi phunziroli mungalikonze bwanji ngati m'kalasi mwanu mulibe mwana amene anayendapo ulendo wotere?
2. Tchulani mathithi amene ali pafupi ndi sukulu imene mukachitireko maphunziro oyeserera, ndipo konzani mafunso asanu oŵayerekeza ndi a Victoria.