Azakhali akuyankha: Akufuna kugenda ndi dzanja lako

Azakhali, ndine mtsikana wa ku Area 18B. Amalume popita ku Joni anandisiyira shopu yawo yosindikiza. Timapanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, maposita ndi fotokope. Sabata yatha kunabwera bambo wina ndi kabuku konyoza abusa a mpingo wake. Akufuna makope 500, koma akuti tisalembepo dzina la shopu. Ndalama yake ndi yooneka. Mnzanga akuti ndikhoza kugona m'chitokosi. Tulo sindikutiona. Nditani?

Wothedwa nzeru, Lilongwe

Mwana wanga, yamba wakhala pansi umwe madzi. Paja tsiku limene amalume ako ankakwera basi unadzijambula uli pampando wozungulira uja, n'kulemba pa Facebook kuti bwana wafika? Ife tinaona, tinangomwetulira. Walira mvula walira matope. Mpando umenewo amaukhala ndi anthu odziwa kumene kuli mafaelo, ndipo ndikukayika ngati iwe unatsegulako kabati ya pakona ija.

Tiyambe ndi mlendo wakoyo. Munthu akafuna kugenda galu wa eni koma n'kubwereka dzanja lako, dziwa kuti galuyo akudziwa kuluma. Pali lamulo lotchedwa Printed Publications Act, la mu 1947, lachikulire kuposa ine zakhali wako. Limati buku kapena kabuku kosindikizidwa m'Malawi muno kaonetse dzina ndi adiresi ya wosindikiza, komanso ya mwini wake wofalitsa. Timalemba tating'ono ta kuchikuto tija si tokongoletsera ayi. Ndiye bamboyo akamati dzina lisaoneke, akukupempha kuti uphwanye lamulo inki isanaume n'komwe.

Ukuganiza kuti zikabisika? Ku Area 18 kwanuko, kumene mayi wogulitsa mandasi amadziwa amene wagona ndi njala? Abusawo akakasuma kuti mbiri yawo yaipitsidwa, maloya sasaka wolemba yekha, amafunsanso kuti makina anali a yani. Pamenepo bambo uja foni yake idzakhala yosapezeka, ndalama ija unadya kale, watsala ndi mtima wogunda ngati ng'oma ya chimtali. Mlandu suola, mwanawe. Mubwezere kafulashi kake mwaulemu, umuuze kuti kuno chilichonse chimatuluka ndi dzina. Ngati zimene walembazo n'zoona, akuopa chiyani?

Koma usalire. Kusowa tulo kwakoko kwandiuza kuti mutu uli nawo. Opusa amagona tulo tofa nato mpaka apolisi agogode.

Lamulo lomwelo limati wofalitsa buku apereke kope ku National Archives ku Zomba pasanathe miyezi iwiri. Udindowo ndi wa mwini buku, koma ambiri sadziwa, ndiye uziwakumbutsa. Nambala ya ISBN amakatenganso komweko. Kasitomala amabwerera kwa munthu amene anamutsegula m'maso.

Tsopano za fotokope zija, usandiyang'ane kumbali. Ndikudziwa kuti mayeso akayandikira, ana a sukulu amabwera ndi buku lonse lathunthu, iwe n'kumatembenuza masamba mpaka dzanja kuwawa, kenaka n'kusungako makope ena ogulitsa. Bukulo analemba ndi munthu, nayenso ali ndi ana ofuna phala. Lamulo la umwini wa zolembalemba la mu 2016 limamuteteza, ndipo a COSOMA ndiwo amapereka laisensi kwa ochita fotokope. Pita ukafunse, ulipire, akuuze malire ake, pakuti laisensiyo si chilolezo chosandutsa shopu kukhala fakitale ya mabuku a eni. Safunsa anadya phula. Ndipo akadzabwera mnyamata wa tayi, wolankhula motsitsa mawu, kuti umukonzere pang'ono satifiketi ya MSCE pakompyuta, musonyeze khomo. Satifiketi amapereka ndi a MANEB okha. Inayo ndi njira ya ku ndende ya Maula, ndipo kuchoka kwanuko si mtunda wautali.

Mawa m'mawa tsegula kabati ija. Ufufuze chikalata cholembetsera bizinesi kwa Registrar General, laisensi ya khonsolo ya mzinda wa Lilongwe, ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, ija amati TPIN. Uone madeti, chifukwa laisensi ya khonsolo imatha ngati mchere m'nyumba. Zimene zilipo uzipachike pakhoma. Zimene palibe, imbira amalume ako, usawaope. Iwo ali kutali, amene adzayankhe mafunso a anthu a mayunifomu ndiwe.

Chimene chimandiwawa ine ndi cha antchito. Mnyamata wodula mapepala uja amagwira mpeni woti chala umachotsa kamodzi n'kamodzi, ndipo tsiku lonse amapuma fungo la inki ndi thina m'kachipinda kopanda zenera. Mugulire magulovu ndi chotchinga kumphuno, utsegule mpweya uzilowa. Akavulala pantchito, chipukuta misozi chimachokera kwa bwana, ndiye lamulo limenelo. Aliyense akhale ndi kalata ya ntchito, malipiro asatsike pa mlingo umene boma linaika, ndipo za penshoni usazembe: bwana amaikapo 10 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5. Ukadula ya wantchitoyo koma osakapereka, kumeneko n'kuba, ngakhale utavala suti yotani. Anthu amenewa amaona zonse, ndipo wantchito wodandaula ndiye amalondolera alendo kumene kuli mafupa.

Sizitheka tsiku limodzi, usadzipanikize. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Sabata ino khonsolo, ya mawa COSOMA, mpaka khoma lidzaze.

Mwezi wa mawa mdzukulu wanga ali ndi chinkhoswe, ndibwera ndi makadi 200. Ndidzavala magalasi anga n'kuyang'ana pansi pake ngati dzina la shopu lilipo. Za mtengo tikambirana ndikadzamwa tiyi, ndipo mkaka usaiwale.

Ndine zakhali wako